Chimbale cha Asewere Chakanirira

Chimbale chinakanirira Lachitatu masana, pamaso pa amayi asanu a Mvano amene anabwera kudzaonera.

Fainess anali atawayalira mphasa pabalaza, atachotsa kansalu kopeta kamene amavundikira kompyuta, n'kuika chimbalecho pakathireyi kake mosamala ngati akuika dzira. Kathireyiko kanalowa mokokera, kenako phee. Pasikirini sipanabwere kanthu. Anadikira. Anadina batani lotulutsira, m'kati n'kungomveka gu, gu, gu, kathireyi osatuluka. Anazimitsa, kuyatsa, kudinanso. Amayi aja anayamba kuyang'anana, wina n'kukumbukira kuti wasiya nyemba pamoto, ndipo posakhalitsa pamphasa panatsala makoko a mtedza okhaokha.

Chikanakhala chimbale cha kwaya, Fainess akanangobwezera kansalu kaja n'kupita kuchigafa, poti fodya anali mbwee kudikira kusankhidwa. Koma ichi chinali cha asewere ake, a Malita a ku Lisasadzi, mayi a mwamuna wa mwana wake wamkazi, Lonjezo. Munali chinkhoswe cha anawo. Wojambula anapanga zimbale ziwiri zokha, kenako anagulitsa makina ake n'kupita ku Joni, kumene ngakhale abale ake sakumudziwa nambala. Cha kwa Fainess chinaiwalika pawindo mwezi wa Okutobala, dzuwa n'kuchipinda ngati tsamba louma. Chotsala chinali chomwechi. Ndipo ndi m'menemo mokha mmene a Yobu, amuna awo a a Malita, amene anamwalira dzinja latha, ankaonekabe akuyenda, akuseka ndi kuvina. Kwina konse anatsala pakachithunzi ka pachiphaso basi.

A Malita sanabwereketse mosavuta. Anachitulutsa pansi pa sutikesi chili chokulunga m'mpango woyera, n'kunena kuti Loweruka adzabwera okha kudzatenga, chisadutse m'manja mwa wina aliyense. Fainess anayankha modzikhulupirira kuti asadandaule, kwawo kulibe ana aang'ono.

Kompyutayo inali yakale, ya bokosi lalikulu loimirira. Anabweretsa ndi mlongo wake Ernest pamene ku ofesi kwawo kuboma ankataya zakale. Inkatenga nthawi kuyaka moti Fainess ankaiyatsa, kupita kukatunga madzi, n'kuipeza ikungomaliza kudzuka. Koma inkagwira ntchito, ndipo chinthu chogwira ntchito iye sankachifunsa mafunso. Malo ake anali pakona pabalaza, pomwenso nyengo ino ankaunjika fodya wosankhasankha, poti kuchigafa akuba sachita manyazi.

Amuna ake, a Alick, atamva nkhaniyo anaima patsogolo pa kompyuta nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Kenako analowa kukhitchini n'kutuluka ndi mpeni.

"Bambo a Lonjezo, mpeniwo mukupita nawo kuti?"

"Kungotokosa pang'ono."

"Mukatokose mbatata kudimba. Muno muli bambo Yobu."

A Alick anabweza mpeni osatsutsa, zimene sizinali khalidwe lawo. Anangoti makina amatopa ngati anthu, ndiponso mwina asewere angouzidwa kuti magetsi avuta, adikire sabata ina. Fainess anakana. A Malita ndi munthu woti akhoza kukhala pakhonde mpaka magetsiwo abwere.

Lachinayi lonse linathera pa fodya. Jeke yodindira mabelo a fodya inali ya kalabu ya alimi, yoyenda khomo ndi khomo, ndipo tsiku lawo linali Lachisanu. Ukaliphonya umadikira milungu iwiri, fodya akuuma n'kumafumbutuka m'manja. Fainess anasankha masamba mpaka msana unachita dzanzi, uku maganizo ali pakona paja. Kawiri analowa m'nyumba kukadina batani, ngati kuti kathireyi kasintha maganizo. Anaimbira Ernest, yemwe anamuuza kuti adine osachotsa chala. Anadina mpaka chala chinayera. Ernest pamapeto pake anati ku Santhe kuli Sufiyan, wokonza mafoni, apite kumeneko ndipo asanyamule zonse, bokosi lokha.

Lachisanu m'mawa, anthu a kalabu akutsitsa jeke pangolo, Fainess anakulunga bokosilo m'chiguduli chatsopano cha mabelo, n'kulimanga pakaliyala ya njinga ndi labala. Sanakwere. Msewu wawo ndi wa mabampu, ndipo ankaona m'mutu mwake chimbale chikugubuduka m'katimo, chikukalika. Anakankha njingayo ulendo wonse, kudutsa m'minda momwe munatsala mitengo ya fodya yopanda masamba, kudutsa zigafa zodzaza mpaka kudenga. Aliyense wokumana naye ankayang'ana chigudulicho kaye, nkhope pambuyo. Bambo wina wa pangolo anamufunsa ngati wayamba kugulitsa timabelo kwa mavenda mobisa, ndipo ngati a Alick akudziwa. Fainess anati akudziwa, ndi giredi yatsopano yosasuta, n'kupitirira.

Kashopu ka Sufiyan kanali pakati pa telala ndi sitolo ya mbewu. Kutsogolo kunali mafoni, mafulashi ndi zingwe zolendewera. Kumbuyo makompyuta akufa atasanjikizana mpaka pawindo. Mwini wake anali bambo wa ndevu zoyamba imvi, magalasi ake omanga ndi ulusi mbali imodzi. Anamvetsera nkhani yonse osamudula, ngakhale Fainess anayambira pa chinkhoswe penipeni. Atamaliza, Sufiyan anati vutoli ndi la tsiku ndi tsiku, mayi akhale pampando. Anawongola kawaya, n'kumuonetsa kabowo kakang'ono pansi pa kathireyi, kamene iye anali asanakaonepo zaka zonsezi. Anati ukalowetsa kawaya mmenemo, kathireyi kamatuluka kokha ngakhale magetsi kulibe.

Analowetsa. Kathireyi kanasuntha pang'ono, mwina ngati chikhadabo, n'kuima nji. Anakankhanso, nkhope n'kusintha.

"Musakakamize, achimwene," anatero Fainess. "Bokosilo liphwanyeni ngati mukufuna, ndilibe nalo chibale. Chimbalecho ndiye chituluke chamoyo."

Sufiyan anagoneka bokosi patebulo, kumasula zomangira ziwiri kumbuyo, n'kutsetsereza chivundikiro cha m'mbali. Fumbi lofiirira linatuluka tolotolo. Anayetsemula katatu motsatizana, telala wa khomo linalo n'kuyetsemulanso.

"Mayi, muno muli theka la belo," anatero akupukuta magalasi. "Wabwinonso. Mukanapita naye ku okushoni."

M'katimo munalidi fodya yekhayekha. Fani yoziziritsa makinawo inali itavala bulangeti, zingwe zonse zili ndi ubweya wofiirira. Koma Sufiyan anati fumbi lokha silingagwire kathireyi chonchi. Anazula zingwe ziwiri, n'kusolola kabokosi kachitsulo kamene kamasewera zimbale, kuika pansalu, n'kuyamba kumasula tizomangira take. Fainess anasendera pafupi mpaka mpweya wake unkafika pamanja a munthuyo. Chivundikiro chitachoka, chimbale chija chinaoneka chili gone pamalo pake, chathunthu, dzina la Lonjezo lolembedwa ndi inki yabuluu likuwerengeka bwinobwino. Fainess anapuma koyamba kuchokera Lachitatu.

Sufiyan anachinyamula ndi m'mphepete n'kuchitembenuza. Kunsi kwake, mbali yonyezimira, kunali timadontho takuda towazikira mozungulira. Pansi pomwe chinagona, tinjira ta kathireyi ndi timagudumu take ta mano zinali phaphatha ndi phala lakuda, lolimba, losakanikirana ndi fumbi la fodya. Kalamba ka labala koyendetsa kathireyi kanali katafufuma n'kuvuka. Sufiyan anapaka chala, kununkhiza, n'kumutambasulira Fainess kuti anunkhizenso.

Fainess sanafunikire kununkhiza kawiri. Fungo limenelo amalichapa m'malaya chaka chilichonse. Anali girisi wa jeke. A Alick ndi amene kalabu inawapatsa udindo wosunga chitini chake, ndipo chaka chilichonse, kudinda kusanayambe, amazungulira pakhomo ndi chitinicho ndi kamtengo: ngolo, wilibala, tcheni cha njinga, mahinjesi a zitseko, chilichonse choyenda. Sabata yatha anawaona akutuluka pabalaza akupukuta kamtengo kaja m'thalauza, iye n'kuganiza kuti anali pachitseko. Ndipo iye yemwe ndi amene anadandaula kuti kathireyi kayamba kulira potuluka.

Sufiyan anafunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli ana.

"Alipo mmodzi," anatero Fainess. "Wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri."

Sufiyan anaseka mpaka anagwira tebulo, koma Fainess maso anali pachimbale. Anafunsa ngati chichire. Sufiyan anati girisi amachoka ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, bola osapukuta mozungulira. Uyambe pakati kupita kunja, ngati masipoko a njinga. Atabweretsa kabeseni, Fainess anamulanda. Anati mbale amatsuka ndi iye, ndipo ngati chimbale cha asewere chiwonongeke, chiwonongekere m'manja mwake. Anatsuka pang'onopang'ono, kutsukuluza, kuumitsa ndi kansalu kofewa kamene Sufiyan amapukutira magalasi a mafoni. Timadontho tinachoka tonse. Koma atachipendeketsa padzuwa la pakhomo, anaona kamzere kamodzi chapakatikati, kakafupi ngati njere ya mpunga, kosachoka. Sufiyan anakayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti sangadziwe ngati n'katsopano kapena kakale. Fainess anadziwa yekha kuti n'ka Lachitatu. Kangachokerenso kuti, chinthu chogona m'mpango?

Kabokosi kakale kaja Sufiyan anati katha ntchito: girisi wafika mpaka pakadiso kowerengera. Anapita kumulu wa makompyuta akufa n'kusololamo kena. Koyamba polumikizira pake panali papang'ono, pamene chingwe cha kompyuta ya Fainess chinali chotambalala ngati lamba wa thalauza. Kachiwiri kanakwana koma kanali kakufa. Kachitatu kanali kakuda pamene bokosi ndi loyera, koma atadina batani kathireyi kanatuluka myaa, osalira n'komwe. Anafunsa ngati mtunduwo suwavuta. Fainess anati ng'ombe zawo za pangolo nazonso n'zosiyana mtundu, koma zimafika.

Asanatseke, Sufiyan anatulutsa bokosi panja n'kulipopa ndi pampu ya njinga ya Fainess yemweyo, chala china atagwira fani kuti isazungulire. Fumbi linakwera mpaka kwa wa mbewu, yemwe anatuluka kudzafunsa amene akusuta. Kenako anasintha kabatire kozungulira kamene anati n'chifukwa chake kompyutayo inkaiwala tsiku, n'kumaonetsa chaka chimene Lonjezo anali ku pulayimale. Anatenganso kachitsulo kobiriwira, kopyapyala ngati chipeso, n'kunena kuti iyi ndi ramu, ndipo m'bokosimo muli malo awiri koma amodzi ndi opanda kanthu. Anayamba kufotokoza kuti kompyutayi ili ngati munthu wosankha fodya pakamphasa kakang'ono, amene amayenera kunyamuka kukasiya mulu uliwonse asanatenge wina. Fainess anamudula kuti kusankha fodya akukudziwa, ngati kachipesoko kakuthandiza alowetse, dzuwa likupita. Kanalowa ndi kaphokoso kakuti tha. Atayatsa, kompyuta inadzuka Fainess asanamalize kumanganso chitenje chake.

Sufiyan ndiye analangiza kuti chimbalecho chisangoseweredwa, akopere zonse m'kompyuta ndi pafulashi, kuti chikadzatha a Yobu asadzathere limodzi. Fainess anali asanaganizepo kuti zimenezo n'zotheka. Anachiika yekha pakathireyi katsopano. M'kati munamveka kuzungulira kosalala, pasikirini n'kubwera kamzera kobiriwira kamene kanayamba kukwawa kuchokera kumanzere. Kanakwawa, kanakwawa, kudutsa theka. Kenako kanaima. M'kati munayamba kumveka tse, tse, tse, ngati munthu akuyesa machesi onyowa, ndipo panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi.

Nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka kuitana. Sufiyan anayang'ana wotchi, kuyang'ana sikirini, n'kuyang'ana Fainess. Anati Lachisanu masana iye satsala, ngakhale foni ya ndani ikhale yotsegula patebulo. Koma shopu saitseka yonse, mayi atsale. Anamugwiritsa mausi n'kumuonetsa mabatani awiri a pakabokosiko.

"Ili likutanthauza kuti yesanso. Ili likutanthauza kuti lumpha. Mukadina lumpha, zitha msanga, koma gawo limenelo latayika. Mukadina yesanso, mwina ziyenda, mwina ayi."

"Gawo limenelo muli ndani?"

"Sindingadziwe, mayi. Mwina mipando yokha."

Anavala kachipewa kake, kutseka chitseko cha m'munsi, n'kupita.

Fainess anatsala yekha ndi mausi, kanthu kamene kunyumba ankakasiyira ena. Kamuvi kankathawira kukona iye akufuna pakati. Anachita kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere kuti kafike pa yesanso, n'kudina. Tse, tse, tse. Kabokosi kanabweranso. Anadinanso. Kanabweranso. Kunja msika unali zii, masitolo ambiri atatseka, mbuzi yokha ikunyambita mchere pakhonde la wa mbewu. Anaganiza za jeke kunyumba, ngati amuna aja akukumbukira kuti fodya wofiira asasakanize ndi wowala, ngati wina wawaphikira tiyi. Anadina kakhumi, anasiya kuwerenga. Batani la lumpha linali pomwepo, pafupi kwambiri, ndipo palibe akanadziwa. Chimbale abweza, fulashi apereka ngati mphatso, asewere athokoza. Koma kamzere kaja kakanapita nawo ku Lisasadzi, ndipo tsiku lina a Malita akanakhala pansi kuti aone amuna awo, chithunzi n'kuima.

Anadina batani la kathireyi, akuopa kuti mwina zonse zifafanizika. Kamzera kobiriwira kanakhala pomwepo. Anatenga chimbale kupita nacho pakhomo, kuchipendeketsa uku ndi uku monga amachitira ndi tsamba pofuna kuona ngati lili ndi nkhungu. Anayendetsa nsonga ya chala pakamzere paja mopepuka. Sipanali pokumbika. Panali potukuka. Kanthu kanamatirira pamenepo, koyera mbuu, kolimba, kamene sopo sanakasungunule. Ananyowetsa kansalu m'madzi ofunda aja, kukafinyira pamenepo kanthawi, kenako n'kukankha ndi chikhadabo chokutidwa m'nsaluyo, kuchokera pakati kupita kunja. Kachitatu kanthuko kanatumphuka n'kutsalira pansalu, kofewa ngati phula la kandulo. Pansi pake panatsala kachizindikiro kosaoneka bwino.

Anabwezera chimbale, kulimbana ndi kamuvi, n'kudina yesanso. Tse, tse. Kenako kuzungulira kosalala kuja. Kamzera kobiriwira kananjenjemera n'kusuntha.

Sufiyan pobwera anapeza zonse zatha, Fainess atatsamira khoma akudya chinangwa chootcha. Atamva zimene wachita, anati ngati fodya adzawakana chaka china, mpando wachiwiri m'shopumo ulipo. Anakopera pafulashi, n'kutsegula pang'ono poyambira kuti aone ngati zithunzi ndi mawu zikuyenda. Anafuna kuti aonere yonse, koma Fainess anati chinkhoswecho analipo, ndiye anaphika. Anagwirizana za mtengo wa ntchitoyo, Sufiyan n'kumuuza kuti nyengo ya fodya kompyuta izikhala kuchipinda, ndipo chikalira chilichonse m'menemo abwere nacho chikulira choncho. Kabokosi kakale Fainess anakapempha. Chimbale anachikulunga m'mpango wake woyera uja n'kuchiika pachifuwa m'kati mwa bulauzi, ndipo ulendo uno njinga anakwera.

Anafika dzuwa litapendeka, belo lomaliza likusokedwa. Mabelo asanu ndi limodzi anali ndandanda pakhonde, olimba bwino, makona ake akuthwa. Anawayendera limodzilimodzi, kusuzumira pamsoko, n'kupeza kuti sanasakanize. Anadikira anthu a kalabu akweze jeke pangolo, atsanzike, apite ndithu. Kenako anatulutsa kabokosi kakale kaja n'kukaika pamwamba pa belo, chotsegula, patsogolo pa a Alick.

A Alick anakayang'ana, n'kuyang'ana kumbali kumene ngolo inalowera.

"Kankalira," anatero potsiriza. "Munanena nokha."

"Ndinanena."

"Ndiye chinthu cholira chimafuna chiyani? Ndinangopaka pang'ono. Nsonga ya kamtengo."

"Inenso bondo limalira ndikamadzuka. Chitinicho muzindiuza pomwe mwaika, ndizigona kutali."

A Alick anaseka mwamanyazi, n'kufunsa motsitsa mawu ngati chimbale chapulumuka. Fainess anagwira pachifuwa. Iwo anakhala pansi pabelo, n'kunena kuti masiku awiri onsewa chakudya sichimatsika. Anapempha kuti asewere asauzidwe za girisi. Fainess anati auzidwa, chifukwa chimbale chapita m'madzi ndipo chili ndi kachizindikiro, ndipo iye alibe mphamvu zosunga bodza nyengo ya fodya.

Loweruka a Malita anafika m'mawa pa kabaza, atavala chitenje chakuda ndi mpango wa Mvano. A Alick anawapatsa moni ndi manja awiri, kufunsa za ku Lisasadzi, za ana, za mvula ya chaka chino, kenako n'kukumbukira kuti mikangala ya kuchigafa ikufunika kusanja. Fainess anawalowetsa alendo, ndipo tiyi asanathire anafotokoza zonse mwandondomeko: kukanirira, girisi, Santhe, sopo, kanthu kamene anatumphula ndi chikhadabo. Sanachepetse, sanawonjezere. Anapereka mpango uja ndi manja awiri, fulashi ili pamwamba, n'kunena kuti ngati chawonongeka penapake, mlandu ndi wa pakhomo pano.

A Malita analandira. Anamasula mpango, kutembenuza chimbale, kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachikulunganso n'kuchiika pamiyendo, dzanja lili pamwamba. Anafunsa ngati n'zoona kuti zonse za m'menemo zili m'kanthu kakang'onoko, ndiponso m'bokosimo. Fainess anati ndi mmene wauzidwira. Iwo anati ayatse, aone ndi maso.

Nyimbo inayamba, pabwalo la kwa Fainess lomwelo likuoneka losesedwa bwino, mipando ya kutchalitchi ili m'mizere. Ankhoswe analankhula motalika monga mwa masiku onse. Atsikana ovundikira zitenje analowa, mkamwini n'kuvundukula wolakwika mwadala, anthu n'kuseka. A Malita ankadziwa chilichonse chisanachitike; ankatchula amene adzuke, amene atsokomole. Akuchimuna atayamba kulowa movina, a Yobu anaoneka kutsogolo, jekete yotuwa, mapewa akugwedezeka, dzanja limodzi m'mwamba. A Malita anawayang'ana mpaka anafika pafupi ndi mtengo wa mango, kenako anatembenuka n'kutenga kapu yawo ya tiyi.

"Apa ndiye pamaima," anatero. "Pamaima, kenako mumangoona tafika pa mphatso. Chinayamba mwezi woyamba womwe. Bambo ankati n'zopanga wojambula."

Koma sipanaime. A Yobu anadutsa mtengo wa mango akuvinabe, kufika pakati pa bwalo, kuzungulira kamodzi, n'kuwerama mpaka jekete inakhudza pansi. Pozungulira kachiwiri nsapato yakumanzere inavuka n'kutsala m'mbuyo. Sanaitole. Anapitiriza ndi sokosi, sokosi yake yobooka chala chachikulu chili panja, mpaka anafika pomwe panakhala amayi. Pamenepo anaima patsogolo pa a Malita, n'kuvina mowaitana, iwo akubisa nkhope m'mpango uku akuwakankha ndi chigongono. Wojambula anawatsatira mpaka a Malita anadzuka, n'kuvina nawo masitepe atatu okha, asanathawire kumbuyo kwa anzawo.

Kapu inali ikadali m'mwamba. A Malita anaitsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi.

"Sokosi imeneyo ndinawauza m'mawa kuti asinthe," anatero. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, uku akuseka osatulutsa mawu. "Anati ndani aone. Bwezani, asewere."

Fainess anabweza. Ataonera kachiwiri anati abwezenso, tsopano ayambire pa mango. Kachitatu anaona kuti amene anatola nsapato ndi a Alick, atainyamula m'mwamba ngati nkhuku ya mphatso, ndipo anati aitanidwe adzadzione. A Alick anabwera mpaka pakhomo, kusuzumira, n'kunena kuti nsapatoyo inali yolimba, chingwe chokha ndiye chinali chachifupi. A Malita anawauza kuti za girisi amva, ndipo ngolo yawo ku Lisasadzi ikulira kuyambira Isitala, tsiku lina adzadutse ndi chitinicho. A Alick anavomera msangamsanga n'kubwerera kuchigafa.

Wakabaza anaimba belu panja, nthawi imene anagwirizana itakwana. A Malita anatuma mawu kuti apite, adzabwere madzulo. Kenako anasendeza mpando pafupi ndi tebulo n'kufunsa kuti pobweza amadina pati. Fainess anawagwira dzanja n'kuliika pamausi, kuwaonetsa kamzera ka pansi, ndi malo oti akokere kadontho kuti afike pa mango. Kamuvi kanathawira kukona kawiri. Kachitatu anakwanitsa okha, ndipo a Yobu anayambanso kulowa, dzanja limodzi m'mwamba.

Fainess anawathirira tiyi wina wotentha, kusendeza mbale ya mbatata pafupi, n'kutuluka. Kuchigafa kunali kukadali fodya wa mabelo anayi wosasankha.